Yakale ya m'bokosi kapena yatsopano yokawombera Loweruka? Ndithandizeni nzeru

Chiko wa ku South Bend

Moni nonse akuluakulu. Ena mukudziwa kuti chiyambireni kupita ku kalabu yowombera chandamale kuno ndakhala ndikubwereka mfuti za pakalabupo. Pano mapepala onse alongosoka, kandalama nako ndasonkhanitsa, koma n'kokwana mfuti imodzi basi. Pasitolo ina kuno pali ma revolver awiri (mfuti zazifupi za silinda yozungulira yoikamo zipolopolo) omwe andisowetsa tulo. Ina ndi Smith & Wesson Model 19-3, yakuda yonyezimira, mpope wa mainchesi 4, ili ndi bokosi lake ndi timapepala take, ndipo mwini sitolo akuti sinawomberepo kwenikweni. Inayo ndi 686 yatsopano ya kampani yomweyo, ya chitsulo chosachita dzimbiri. Mitengo sikutalikirana kwenikweni. Ine cholinga changa n'kumakawombera Loweruka lililonse, koma ndikaigwira yakaleyo mtima umangoti myaa. Ndikaitenga n'kumaiwombera, ndilakwitsa? Nanga zomwe madoda a pakalabu amanena, zoti mfuti za masiku ano n'zachabechabe, n'zoona?

Malume Gama, Dallas

Mphwanga, wachita bwino kufunsa usanatulutse ndalama. 19-3 inkapangidwa kuyambira 1967 mpaka 1977, ndiye ili m'gulu lomwe ife osunga mfuti timalifuna. Ukabwererako ukaone zinthu ziwiri. Pomwe mpope walowera m'thupi la mfuti pali kamsomali kakang'ono kopingasa. Kenako utsegule silinda, uone kumbuyo kwake: mabowo ake anawagoba pang'ono kuti chipolopolo chikalowa chizimira chonse, osatsala mkombero kunja. Zinthu ziwirizi kampani inazisiya mu 1982 pofuna kuchepetsa ntchito, ndipo kuyambira 19-5 kupita mtsogolo sudzazipezanso. Chaka chimenecho ndiye malire athu.

Koma undimve bwino. Mfuti ya zaka pafupifupi makumi asanu, yosakalika, yokhala ndi bokosi lake, mtengo wake uli pa kusagwiritsidwa ntchitoko. Ukangoyamba kuiwombera mlungu ndi mlungu, pasilinda pajambulika kamzere kozungulira, kukamwa kwa mpope kuyamba kuyera, ndipo ndalama yomwe walipirira bokosi ndi kunyezimira ija yapita. Ukhala wagula mfuti yowombera pamtengo wa mfuti yosunga.

NaPhiri, Centurion

Achimwene, tengani 686 muzipita. Mwanena nokha kuti mukufuna kuwombera. A Malume akupatsani mbiri, ine ndikupatsani za pabwalo. Model 19 inatuluka mu 1955 chifukwa wapolisi wina wa m'malire a America, Bill Jordan, ankafuna mfuti ya .357 Magnum yopepuka kuinyamula tsiku lonse. Anaimanga pathupi lapakatikati lomwe kampaniyo imalitcha K, lomwe poyamba linali la zipolopolo za .38. Ganizo linali loti poyeserera uziwombera .38 Special, Magnum uzingoika pantchito. Ndiye kuti silinda itsekeke bwino, kumbuyo kwa mpope, pomwe chipolopolo chimalowera chikachoka m'silinda, anasemako pansi pake, chitsulo n'kutsala chopyapyala. M'zaka za m'ma 1970 apolisi atayamba kuyeserera ndi Magnum zopepuka za magireni 125 (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), zothamanga kwambiri, mipope ina inayamba kung'aluka pomwepo. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatulutsa thupi lokulirapo la L, lomwe ndi 586 ndi 686. Kunena kwina, 686 inabadwa kudzakonza vuto la mfuti yomwe yakukolaniyo. Ndipo mpope wa 19 yakale ukang'aluka, fakitale ilibenso wina woti ikupatseni. Mudzasaka m'misika ya zakale.

Mwana wa ku Ndirande

Ine ndangomva zoti pali mfuti yogula koma osaiwombera. Ndiye kuti ndi mbale za m'kabati zija amayi ankatiletsa kudyera, zodikira alendo omwe sanabwere mpaka tonse tinakula. A Malume, zanuzo mumazipukuta Loweruka?

Malume Gama, Dallas

Ndimazipukuta, mwana iwe, ndipo sindichita nazo manyazi.

Amisiri a ku Ohio

Ndiyankheko funso lachiwiri lija, loti zatsopano n'zachabechabe, poti ntchito yanga ndi ya makina osema zitsulo. Madoda akamati zakale zinkalumikizidwa pamanja amanena zoona, koma sanena chifukwa chake. Makina a nthawi imeneyo sankatha kutulutsa tizitsulo tofanana ndendende. Kachitsulo kalikonse kankatuluka kokulirapo pang'ono, ndiye mmisiri ankakhala pabenchi ndi tupa ndi mwala wonolera, n'kumapala mpaka kalowe bwino m'mfuti imodzi yokhayo. Akakhala mmisiri waluso, pankatuluka chinthu chosalala ngati mafuta. Akakhala wotopa kapena wothamangitsidwa, pankatulukanso zokhota, ndipo za m'zaka za m'ma 1970 zoterozo zilipo ndithu. Zomwe timaziona lero n'kumazitama ndi zomwe zinapulumuka, zoipa zija zinakonzedwa kapena kutayidwa kalekale.

Cha mu 1997 Smith & Wesson inayamba kupanga hamala (kachitsulo ka kumbuyo komwe kamamenya kuti mfuti ilire) ndi trigger (kokhethemulira) mwa njira yomwe amati MIM. Amasakaniza ufa wachitsulo ndi zomatira, n'kuuthira m'chikombole, kenako n'kuuwotcha m'ng'anjo mpaka ugwirane. Mukayang'ana kumbuyo kwa trigger yotere mupeza mphako. Sizikongola, ndikuvomera, ndipo mawanga okongola aja a hamala wakale palibe. Koma tizitsulo timeneti timatuluka tofanana, moti kakatha mumangogula kena n'kulowetsa. Nthawi yomweyo anachotsanso kamsomali komenya chipolopolo pahamala n'kukaika m'thupi la mfuti. Pa kulimba kwa chitsulo ndi kulondola kwa mabowo, zamakono sizichepa. Pomwe zimagonja ndi pa kupukuta ndi utoto. Kuda konyezimira kwa kale kuja kunkachokera m'manja mwa anthu omwe ankakhala zaka akuphunzira kupukuta chitsulo pagudumu, ndipo malipiro a anthu otere lero angakweze mtengo koopsa.

Chiko wa ku South Bend

Zikomo Amisiri. Nanga kabowo kali pamwamba pa kotsegulira silinda pa 686 paja n'kachiyani? Mdala wina pakalabu anati iye mfuti ya kabowo sangaigwire n'komwe.

Malume Gama, Dallas

Ndi loko, amakhoma ndi kakiyi. Koma chidani chakecho n'cha ndale kuposa chitsulo. Mu Malichi 2000 kampaniyi, ili m'manja mwa eni ake a ku Britain otchedwa Tomkins, inasainirana pangano ndi boma la Clinton, ndipo mwa zina inalonjeza zoika maloko. Eni mfuti kuno anakwiya, n'kunyanyala kugula katundu wake, bizinesi n'kulowa pansi. Mu 2001 inagulitsidwa pamtengo wa madola 15 miliyoni kwa kakampani kotchedwa Saf-T-Hammer, komwe ntchito yake inali yopanga maloko a mfuti. Chaka chomwecho kabowo kanayamba kuoneka. Ndiye mdala wakoyo akakaona amakumbuka mkwiyo wa nthawi ija. Palinso madandaulo oti pa timfuti topepuka kwambiri towombera zipolopolo zamphamvu lokoyo inadzikhomapo yokha chifukwa cha kugwedezeka. Pa mfuti yolemera ngati 686 sindingade nazo nkhawa. Ine chomwe ndimadana nacho n'choti kamaipitsa nkhope ya mfuti, basi. Nawonso eni ake anamva kulira kwa anthu, moti mu 2025 anatulutsanso Model 10, 19 ndi 36 zopanda kabowo.

NaPhiri, Centurion

Mwamva a Chiko? Ngakhale a Malume avomera kuti ndi nkhani ya nkhope. Chandamale sichiona kabowo.

Sajeni Wopuma, Zomba

Ndakhala ndikungowerenga. Ife kuno zosankha ngati zimenezi tilibe, koma nkhani yanuyi yandikumbutsa agogo anga aamuna, omwe anali msilikali wa KAR (King's African Rifles) ndipo anakafika ku Burma pankhondo yachiwiri. Ankati asilikali wamba ankanyamula mfuti zazitali, pomwe mabwana achizungu ankamangirira yaing'ono m'chiuno, ya chingwe chokoleka m'khosi. Ankasimba kuti inkathyoka pakati ngati mfuti ya mbalame, makatiriji onse n'kudumphira kunja nthawi imodzi. Ndikamadutsa pachipilala cha KAR pano ndimaganiza kuti mfuti zimenezo zinathera kuti. A Gama, zoterezo mumazipeza kumeneko?

Malume Gama, Dallas

A Sajeni, mwandikhudza pomwe pamandiwawa. Yomwe ankanena agogo ndi Webley, kapena mng'ono wake Enfield. Webley Mark VI inalowa usilikali wa Britain mu 1915, ya chipolopolo chachikulu cha .455. Pofika 1932 anasinthira ku Enfield No. 2 ya .38, akuti yaikulu ija inkavuta anyamata osazolowera. Ku Burma zonsezi zinaliko, pamodzi ndi za Smith & Wesson zomwe Britain inaitanitsa zochuluka nkhondo itavuta.

Kuno zilipo, koma zambiri anazilemaza. Nkhondo itatha, amalonda anabweretsa ma Webley ambirimbiri ku America, komwe zipolopolo za .455 zinali zosowa. Ndiye anapala kumbuyo kwa silinda kuti muzilowa .45 ACP zomangidwa pakachitsulo kooneka ngati mwezi. Zinagulidwa ngati mandasi otentha. Vuto n'loti .455 mphamvu yake yophulika imathera cha pa 13,000 psi, pomwe .45 ACP imafika 21,000. Ndiye munthu akamawombera zipolopolo za m'sitolo m'Webley yopalidwa, kuwomba kulikonse akuisenzetsa katundu woposa yemwe inapangidwira, ndipo kachitsulo kotsekera mfutiyo pamwamba ndi silinda sizingapirire mpaka kalekale. Osunga saifuna chifukwa manambala a pasilinda anadulidwa theka, owombera nayenso ayenera kuiopa. Yataya mbali zonse ziwiri.

Zomwezo zinachitikira ma Smith & Wesson a nkhondo aja omwe Britain inaitanitsa, a nambala yoyamba ndi chilembo V. Anali a .38 S&W, chipolopolo chachifupi koma chonenepa pang'ono. Amalonda anaboola mabowo kuti atalike, muzilowa .38 Special. Imalowa, koma poti ndi yowonda, katiriji imatupa kumbuyo, nthawi zina kung'aluka. Aliyense wopeza yotereyi pamtengo wotsika ayambe wafunsa mmisiri wa mfuti.

NaPhiri, Centurion

Kuno ku South Africa zimenezo zimapezeka zosaboola, chifukwa boma la kuno linagula zake mu 1940, ndipo zina zili ndi chidindo cha U chokhala ndi kamuvi mkati. Koma kuno lamulo lenilenilo limakufunsa funso la a Chiko lomweli. Pa Firearms Control Act ya 2000, laisensi ya wosunga mfuti zakale ndi ina, ya wamasewera owombera ndi ina, yodzitetezera ndi inanso. Ya osunga ili pa gawo 17, ndipo uyenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka la osunga, lomwe limatsimikiza kuti mfutiyo ikugwirizana ndi mutu wa zomwe umasonkhanitsa. Ine yanga ndi ya gawo 16, ya masewera, ndipo chaka ndi chaka ndimayenera kuonetsa kuti ndikupikisanadi. Mfuti iliyonse ili ndi laisensi yakeyake, kudikira kwake n'kwa miyezi. Munthu ukadikira choncho sugula chinthu chongoyang'ana. Komanso wopanda unzika kapena chilolezo chokhaliratu asayambe n'komwe.

Mbewe wa ku Leeds

Inu mukudandaula miyezi? Bwerani kuno. Chichitikireni zoopsa za ku Dunblane, ku Scotland, mu Malichi 1996, pomwe munthu anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu, malamulo a 1997 analetsa pafupifupi mfuti zonse zazifupi ku England, Scotland ndi Wales. Ndiye 686 ya a Chikoyo kuno ndi loto. Chodabwitsa n'choti zakale ndi zomwe zinatsalako ndi kampata. Yopangidwa chisanafike chaka cha 1919, ya zipolopolo zosapezeka wamba, wosunga wovomerezeka atha kuikhala nayo pakhomo, koma popanda chipolopolo ngakhale chimodzi. Zina za mbiri zimasungidwa kumalo osankhidwa ngati bwalo lowomberera la Bisley, mwini wake amapita komweko kukaiona ndi kuiwombera, n'kuisiya komweko. Mu 2021 anamanganso lamulo la zakalekale zosafuna chiphaso, n'kuchotsamo mitundu isanu ndi iwiri ya zipolopolo, kuphatikizapo .44 Russian, chifukwa zigawenga zinayamba kudzipangira zipolopolo zake. Ofuna kuwombera amagula revolver zothira onga kutsogolo, kapena zija za mpope wautali masentimita 30 zokhala ndi kandodo kumbuyo kuti zikwane masentimita 60. Zoipa maonekedwe zedi. Webley yopangidwa ku Birmingham, pamtunda wa maola awiri kuchokera pano, a Gama ku Texas aigwira mosavuta kuposa ine.

Mwana wa ku Ndirande

Zothira onga kutsogolo? Ndiye kuti azungu abwerera ku gogodera wa agogo! A Malume, mukamabwera pa Khirisimasi mundiponyereko imodzi m'sutikesi, ngakhale yopalidwayo.

Mayi Nkhoma, woyang'anira gulu

Achimwene a ku Ndirande, ndikudziwa kuti mukuseka, koma nthabwala imeneyo pano ayi. Mfuti siidutsa malire popanda zilolezo za mayiko onse awiri, ndipo kwathu kukhala nayo popanda chiphaso cha kupolisi ndi mlandu wa kundende. Pagulu pano sitigulitsana, sititumizirana. Pitirizani nkhani ya a Chiko.

Mwana wa ku Ndirande

Pepani amayi, ndamva.

Chiko wa ku South Bend

Pakalabu pali wina ali ndi Colt Python yakale. Amabwera nayo m'kachikwama, anthu n'kuizungulira, iye n'kuibweza osawombera. Kenako amatulutsa ina ya kampani ya Ruger n'kuyamba ntchito. Poyamba ndinkamuona ngati wamatama.

Amisiri a ku Ohio

Si matama, munthuyo amadziwa masamu. Python inatuluka mu 1955 pamtengo wa madola 125, womwe unali wokwera kwambiri nthawi imeneyo. Mkati mwake muli kapangidwe kakale ka Colt, ka sipuling'i imodzi yopindika ngati V yomwe imagwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Mukakhethemula, kadzanja kotembenuza silinda kamaikankha n'kuigwira zolimba mpaka chipolopolo chituluke, silinda osagwedera ngakhale pang'ono. Kulondola kwake kumachokera pamenepo. Koma kadzanja komweko ndi komwe kamalandira kugunda konse, ndiye kamadyeka, silinda n'kuyamba kuchedwa kufika pamalo pake. Kukonza kwake n'kwa tupa ndi mwala kuja, ndipo amisiri odziwa mkati mwa Colt yakale atsala owerengeka, ambiri ndi okalamba, mndandanda wodikira n'kutalika. Kampani inasiya kuipanga mwaunyinji mu 1999, ya maoda apadera n'kutha mu 2005, mitengo ya zakale n'kukwera ngati yapenga.

Mu Januwale 2020 anaibweretsanso pa madola 1,499. Kunja ikufanana ndi yakale, mkati anachepetsa tizitsulo, ndipo eni ake akuti anawonjezera chitsulo ndi 30 peresenti pamwamba, pansi pa choonera cha kumbuyo. Wofuna kuwombera Python agule imeneyo. Osunga ena ankaopa kuti yatsopano igwetsa mtengo wa zakale, koma amene amafuna yakale amafuna utoto uja wa Royal Blue ndi manja a amisiri a ku Hartford, kwawo kwa Colt, zomwe yatsopano singawapatse.

Malume Gama, Dallas

Poti mwatchula Ruger, pali mbali ina yomwe ife okonda zakale sitiikamba mokwanira, ndiyo ngozi. Ma revolver akale okoka hamala ndi chala, monga Colt Single Action Army ya 1873 ndi ma Ruger Blackhawk oyamba a masikuluwu atatu, hamala akagona kamsomali kake kamakhala pachipolopolo penipeni. Ikagwa n'kumenyetsa hamala pansi, imalira. N'chifukwa chake akale ankaika zisanu m'mabowo asanu ndi limodzi, hamala n'kugona pabowo lopanda kanthu. Anthu osadziwa mwambowu anavulala, milandu inachuluka, ndipo mu 1973 Ruger inasintha kapangidwe, n'kuika kachitsulo komwe kamakwera pakati pa hamala ndi msomali pokhapokha mwakoka trigger. Pambuyo pake inayamba kuitana eni zakale kuti azitumize akaziikire zimenezi kwaulere, ndipo tizitsulo takale amakubwezerani m'kathumba. Wosunga akapeza yosinthidwa, funso lake loyamba ndi loti kathumba kaja kali kuti. Popanda iko mtengo umatsika, ngakhale mfutiyo tsopano ndi yotetezeka kuposa kale. Misala yathu ndi imeneyo.

Smith & Wesson nayo inaphunzira mowawa. Pankhondo yachiwiri imodzi inagwa pasitima ya pamadzi ya asilikali a America, n'kuphulika, n'kupha msilikali. Anakonzanso kotchingira hamala, ndipo zomwe zinatuluka kuyambira 1945 zili nako katsopanoko. Ndiye 19-3 yako, mphwanga, kumbali imeneyi ilibe vuto, utha kudzaza mabowo onse. Ndikunenera ena omwe angatengeke ndi za nkhondo isanathe.

Sajeni Wopuma, Zomba

Ku usilikali tinkati mfuti iliyonse ndi yodzaza mpaka utaona ndi maso ako. Yakale kapena yatsopano, lamulo ndi lomwelo. Koma a Gama, ndikufunseni. Inuyo zanu zonsezo simuwomberako? Mfuti yongogona imandimvetsa chisoni ine.

Malume Gama, Dallas

Ndimawombera, a Sajeni, koma osati zonse. Ndipo apa ndi pomwe ndimafuna kumufikitsa mnyamatayu. Iye akuona ngati njira ndi ziwiri, yakale ya m'bokosi kapena yatsopano. Ilipo yachitatu, yomwe kwa ine ndi yokoma kuposa zonse: yakale yomwe inagwira kale ntchito. Apolisi a kuno atasinthira ku mapisito m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ma revolver awo anagulitsidwa ambirimbiri. Model 10, yomwe mzere wake unayamba mu 1899 ndipo zapangidwa zoposa 6 miliyoni, Model 15, 19, 64, 66. Kunja n'zoyera m'mbali chifukwa chokhuzika m'chikopa zaka ndi zaka, matabwa a chigwiriro ndi okumbika mbali yomwe inkagunda chitseko cha galimoto. Koma wapolisi wamba ankainyamula kwambiri kuposa kuiwombera, ndiye mkati zambiri n'zabwinobwino, trigger yake yofewa chifukwa tizitsulo tinazolowerana. Yotereyi ukaikala sulira. Umamva dzanja la mmisiri wakale uja popanda kulipira msonkho wa bokosi.

Chomwe sindifuna kumva ndi munthu wogula yoyera m'mbali n'kukaipakitsa utoto watsopano kuti ioneke yanyuwani. Popukuta amadya zilembo, m'mphepete mwakuthwa mumakhala mobulungira, mabowo a masikuluwu amalowa ngati mbale. Wodziwa amaona ali patali. Walipira mmisiri kuti akutsitsire mtengo wa katundu wako.

NaPhiri, Centurion

Apa ndiye tagwirizanako pang'ono, a Malume. Komabe kwa munthu woyamba kumene, wa mfuti imodzi, ine ndikadali pa yatsopano. Akagula yakale yobisa matenda adzadziwa bwanji? Yatsopano ikavuta amaibweza kufakitale. Komanso 686 ndi yolemera kutsogolo chifukwa cha chitsulo chija chotsata pansi pa mpope mpaka kumapeto, ndiye siidumpha kwambiri, wophunzira sachita nayo mantha. Pamwamba pake anaboola kale poika galasi loonera, maso akadzayamba kufooka. Yakaleyo kuti muike zimenezo ndiye kuiboola, a Malume n'kukomoka.

Amisiri a ku Ohio

Matenda obisika aja amaoneka, achemwali, munthu akadekha. A Chiko, mukapitanso mukachite izi, mutapempha kaye mwini sitolo ndiponso mutaona nokha kuti mulibe chipolopolo. Kokani hamala pang'onopang'ono pabowo lililonse, mumve ngati silinda ikuti khethe kukhoma hamala asanafike kumapeto. Ikachedwa ngakhale pabowo limodzi, pali ntchito. Kenako muikankhe silinda kutsogolo ndi kumbuyo, isamayende moti n'kuimva. Muyang'anitse kuwala pampata wa pakati pa silinda ndi mpope, ukhale wowonda ngati pepala lokhuthala pang'ono komanso wofanana mbali zonse. Hamala ali chikokere, mumukankhe pang'ono ndi chala, asagwe yekha, chifukwa akagwa ndiye kuti wina anapalapo mkati mosadziwa. Mitu ya masikuluwu ikakhala yophwanyika, dziwani kuti munalowa munthu wopanda zida zoyenera. Ndipo muone nambala ya pachizindikiro cha bokosi ngati ikufanana ndi ya pamfuti. Nambala yodalirika ili pansi pa chigwiriro, matabwa akaiphimba mupemphe achotse.

Mbewe wa ku Leeds

Ine ndikungosirira. Mutitumizireko zithunzi basi.

Chiko wa ku South Bend

Ndabwerako akuluakulu. Kamsomali kalipo, mabowo ogoba aja aliponso. Silinda ikukhoma bwino mabowo onse, hamala sakugwa. Koma nambala ya pabokosi ndi ina, ya pamfuti ndi ina. Bokosilo ndi la Model 19 ndithu, koma la mfuti ina. Nditamuonetsa mwini sitolo anati iye anazilandira choncho kwa yemwe anamugulitsa. Komanso nditayang'anitsitsa ndi tochi ya pafoni, kamzere kaja ka pasilinda kalipo, ndipo kumaso kwa silinda kuli timizere takuda tozungulira mabowo onse asanu ndi limodzi.

Malume Gama, Dallas

Ndiye kuti inawomberapo, ndipo bokosilo ndi lobwereka. Sindikuti mwini sitolo ndi wakuba, mabokosi akale amagulitsidwa paokha ndipo amasokonezeka m'manja mwa anthu. Koma mtengo womwe analembawo ndi wa mfuti ndi bokosi lake lobadwa nalo, ndipo chimenecho palibe. Kwa ine wosunga yatsika. Kwa iwe yakwera, chifukwa tsopano utha kuiwombera mtima uli m'malo. Ukamuuze kuti bokosilo atsale nalo, akuchotsere mtengo. Akavomera, tenga, uziidyetsa .38 Special, Magnum mwa apo ndi apo ndipo zikhale zolemera za magireni 158. Idzakukwanira mpaka adzukulu.

NaPhiri, Centurion

Akakana kutsitsa musanyengerere, 686 ili pomwepo. Ndipo ngakhale atsitse, mufunse kaye mtima wanu ngati mudzapirire osaikamo Magnum zothamanga zija anzanu pakalabu akamakuchemererani. Anyamata ndimakudziwani.

Mwana wa ku Ndirande

A Chiko akagula yakale, a NaPhiri atuluka pagulu. Akagula yatsopano, a Malume adwala. Ine ndakonzeka kale ndi chimanga chokazinga.

Chiko wa ku South Bend

Ndipitako Lachisanu ndikaweruka. Ndikanena mtengo wanga wopanda bokosi. Akakana ndikutenga 686, ndipo yakale yoyera m'mbali ija ndidzaisaka chaka chamawa ndalama ikapezeka. A NaPhiri, ikakhala 686, ya mainchesi 4 kapena 6?

NaPhiri, Centurion

Ngati ndi chandamale chokhachokha, 6. Koma funsani kaye malamulo a mpikisano womwe mukufuna kudzalowa, ina salola mpope wautali choncho.

Amisiri a ku Ohio

Lachisanulo musananene mtengo uliwonse, mupemphe kansalu mupukute mwaye kumbuyo kwa mpope, pansi pomwe a NaPhiri ananena paja, n'kuunikapo ndi tochi. Mng'alu wake umakhala wowonda ngati tsitsi ndipo mwaye umaubisa. Muunikenso pamwamba pake, pachitsulo chodutsa pamwamba pa silinda. Mukapeza kuti moto unakumbapo ngalande yozama moti chikhadabo n'kukodwa, ndiye kuti mwini wake wakale ankaidyetsa Magnum kwambiri, ndipo mtengo wanu utsikenso.